Mlendo Ayambe Walembetsa Dzina, Ndalama Pambuyo

Palibe boma ndi limodzi lomwe m'dziko muno limene silinaperekezepo mwana wake ku Joni. Kuchokera ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay, ku Mangochi ndi ku Machinga, ku Dedza ndi ku Ntcheu, mabasi amanyamuka sabata ndi sabata kudzera pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, nadutsa ku Tete, ku Nyamapanda ndi ku Beitbridge, atadzaza anyamata ndi atsikana amene akukafuna moyo ku South Africa. Sitifuna kuweruza lero ngati ulendo umenewu uli wabwino kapena woipa, pakuti munthu amene watsimikiza mtima kupita adzapita ndithu. Tifuna kukamba za ntchito imene imamudikira munthuyo akangotsika basi mumzinda wa Johannesburg, chifukwa ambiri amaiyambira kumchira.

Maganizo athu ndi akuti mlendo m'dziko la eni ayenera kuyamba walembetsa dzina lake m'mabuku a dzikolo ndi m'mabuku a dziko lakwawo, ndipo ndalama azifune pambuyo pake. Munthu amene dzina lake silipezeka m'buku lililonse angathe kugwira ntchito zaka 20, kubereka ana, kudwala ndi kumwalira, koma pamaso pa lamulo nkukhala ngati sanapondemo m'dzikomo. Amene amavutika pamapeto pake ndi mkazi wamasiye ndi ana otsala.

Makolo athu amene ankapita ndi Wenela sankasenza okha mtolo umenewu. Munthu ankalembedwa asanachoke kuno, ankadinda chala, ankapimidwa ndi dokotala, ankapatsidwa nambala, ndipo gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalandirire kumudzi. Pofika chaka cha 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa mwa njira imeneyi. Dongosololo linali ndi nkhanza zake zimene sitiziiwala, koma munthu aliyense anali m'kaundula. Pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana pa 4 Epulo 1974 ndi kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr. H. Kamuzu Banda, analetsa kulemba anthu a m'migodi mpaka chaka cha 1977. Chiwerengero cha anthu amenewo tikuchidziwa mpaka lero chifukwa anali anthu olembedwa. Kulemba kwa Theba, amene analowa m'malo mwa Wenela, kunaima m'chaka cha 1988, ndipo chiyambire nthawi imeneyo wopita ku Joni amapita yekha. Ntchito imene kale inkagwiridwa ndi akalaliki a kampani tsopano ili m'manja mwa mwini wake.

Ngakhale olembedwawo anaphunzira mochedwa kuti pepala ndi chuma. M'chaka cha 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni zolipira anthu amene anadwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi chifuwa chachikulu m'migodi ya golide, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizipereka chipukuta misozi chimenechi. Mgwirizanowu unakhudza anthu amene anagwira ntchito m'migodi yotchulidwa pakati pa chaka cha 1965 ndi 2019, Amalawi ali momwemo. Koma wofuna kulandira amafunsidwa umboni wa mgodi umene anagwirako ndi zaka zimene anakhalako. Nkhalamba imene inasunga nambala yake ndi makalata ake m'sutikesi ili ndi poyambira. Imene makalata ake anadyedwa ndi chiswe, kapena inalembetsa dzina la mbale wake pofuna kupita msanga, njira yake ndi yaitali.

Tsono ntchito yoyamba ya mlendo ndi kudziwa masiku amene wapatsidwa pa chipata. Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa ngati mlendo wodzacheza kwa masiku 30, ndipo chidindo chimenecho sichimpatsa ufulu wogwira ntchito. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2014 anaika chilango choti wopyola masiku ake aletsedwe kulowanso m'dzikomo: chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osaposa 30, ndipo zaka 5 ngati wapyola ndi masiku oposa pamenepo. Malamulo omwewo ananena kuti, kupatula pa zifukwa zochepa, munthu wolowa ngati mlendo sangasinthe chilolezo chake kukhala cha ntchito ali m'dzikomo, koma ayenera kuchipempha ali kwawo. Wogwidwa alibe chilolezo amatsekeredwa ku malo a Lindela pafupi ndi Krugersdorp kudikira kubwezedwa. Tichenjezenso za anthu amene amalonjeza kukadinditsa pasipoti mwini wake ali khale kunyumba. Chidindo chabodza chimasandutsa mlandu waung'ono kukhala waukulu, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ntchito yachiwiri ndi kudzidziwikitsa kwa akuluakulu a dziko lakwawo. Dziko la Malawi lili ndi ofesi ya Kazembe ku Pretoria ndi ofesi ina yothandiza nzika zake ku Johannesburg. Ambiri amakumbukira maofesi amenewa pasipoti itatayika kapena maliro atagwa. Pa ziwawa zothamangitsa alendo za m'mwezi wa Meyi 2008, zimene zinapha anthu 62, ndiponso pa zimene zinayambira ku Durban m'chaka cha 2015, Boma linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Pa nthawi yotere kumakhala kosavuta kuthandiza munthu amene ali ndi umboni wakuti ndi Mmalawi. Nchifukwa chake tikuti aliyense asachoke wopanda chiphaso cha unzika, chimene kalembera wake wamkulu anachitika m'chaka cha 2017, ndipo ajambulitse masamba a pasipoti yake, ena asiye kwa makolo kumudzi, ena asunge kwa mnzake wodalirika.

Ntchito yachitatu ndi kukhala ndi keyala yodziwika. M'dziko la South Africa banki imafunsa pasipoti, chilolezo ndiponso kawirikawiri umboni wa kumene munthu akukhala isanamtsegulire akaunti, ndipo ngakhale nambala ya lamya ya m'manja imalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Wochita lendi chipinda apemphe mwini nyumba kuti alembe kalata yonena zimenezo, ndipo alandire lisiti nthawi iliyonse pamene walipira. Chizolowezi cholandirira malipiro mu akaunti ya mnzako chadanitsa abale ambiri, ndipo chimafafaniza umboni wakuti munthu anagwirapo ntchito. Potumiza ndalama kumudzi, njira yovomerezeka imene imapereka lisiti iposa kupatsira wapaulendo, chifukwa ndalama ikatayika panjira palibe bwalo limene lingaweruze mlandu wopanda mboni.

Ntchito yachinayi ndi ya kuntchito komweko. Wolembedwa ntchito apemphe kalata ya mgwirizano yonena malipiro ake, maola ake ndi tsiku limene wayamba, ndipo asunge timapepala ta malipiro ta mwezi ndi mwezi. Aonetsetse kuti walembetsedwa ku thumba la UIF, limene limathandiza munthu ntchito ikatha, ndipo wantchito amaperekako 1 peresenti ya malipiro ake, bwana wake naperekanso chimodzimodzi. Wochotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka ali ndi masiku 30 okha oti akadandaule ku bungwe la CCMA. Wovulala pantchito aonetsetse kuti ngoziyo yalembedwa tsiku lomwelo. Zonsezi zimaoneka ngati zovutitsa bwana pachabe pamene zinthu zikuyenda bwino, koma mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Kwa ophunzira athu pali chinanso. Setifiketi ya kuno siyamba kugwira ntchito yokha ikawoloka Limpopo. Bungwe la SAQA ndi limene limayesa maphunziro a kunja ndi kunena msinkhu wake m'dongosolo la dzikolo. Mphunzitsi sangaime m'kalasi mwalamulo asanalembetsedwe ndi bungwe la aphunzitsi la SACE, ndipo namwino ali ndi bungwe lakenso. Amene sanatenge makalata ake enieni ndi ndandanda ya magiredi ake pochoka amataya miyezi akudikira kuti abale awatumize. Nzomvetsa chisoni kuona munthu amene dziko linamphunzitsa akutsirira maluwa kwa zaka zambiri chifukwa chakuti sanafunse kumene angapereke mapepala ake. Paja safunsa anadya phula.

Ntchito yachisanu ndi ya thanzi. Amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu, otalikitsa moyo, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi atenge kalata yosamukira kuchipatala chake asananyamuke, ndipo akafika akalembetse pa chipatala chaching'ono cha m'dera lake mankhwala asanathe. Kudukiza mankhwala chifukwa choopa kufunsidwa mapepala ndi kusewera ndi moyo. Amayi atenge makhadi a sikelo a ana awo kuti katemera apitirire pamene analekezera.

Koma ntchito yoposa zonse ndi yolembetsa ana. Lamulo la South Africa limafuna kuti mwana aliyense wobadwira m'dzikomo alembetsedwe pasanathe masiku 30. Mwana wa makolo achilendo sakhala nzika ya dzikolo chifukwa chongobadwiramo. Komabe lamulo la unzika, monga linasinthidwira kuyambira chaka cha 2013, limalola mwana wotere kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, ngati wakhala m'dzikomo chibadwire ndiponso ngati kubadwa kwake kunalembetsedwa. Kunyozera kwa mwezi umodzi kungatseke khomo zaka 18 zikubwerazo. Bwalo lalikulu la ku Makhanda linagamula m'chaka cha 2019 kuti mwana asachotsedwe pasukulu chifukwa chosowa mapepala, motero kholo lisabise mwana m'nyumba. Koma pofika pa mayeso otsiriza, pa ntchito ndi pa ukwati, pepala lidzafunsidwabe. Kholo lilembetsenso mwanayo ku mbali ya Malawi, kuti akhale ndi kwawo kotsimikizika.

Amene akukayika kukula kwa nkhani imeneyi ayang'ane zimene zinagwera abale athu m'dziko lina limene Amalawi anapitako ambiri kale, la Zimbabwe. Anthu ochokera ku Nyasaland anagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya kumeneko kwa mibadwo ingapo, ambiri osalembetsa ana awo kuno kapena komweko. M'chaka cha 2001 lamulo la unzika la dzikolo linasinthidwa, ndipo linafuna kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo m'miyezi 6. Ana ndi zidzukulu za matchona, amene ambiri sanaonepo Nyanja ya Malawi, anadzuka ali alendo m'dziko limene anabadwiramo, opanda ufulu woponya voti, chikhalirecho kuno kulibe buku limene linkawadziwa. Malamulo aakulu a Zimbabwe a m'chaka cha 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'maiko oyandikana nawo a m'bungwe la SADC, koma wopanda kalata ya kubadwa anavutikabe kutsimikiza zimenezo. Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza unzika wa maiko awiri m'chaka cha 2018, ndipo umenewunso umafuna umboni wolembedwa.

Ntchito yotsiriza ndi imene anthu safuna kuimva, ya maliro. Kubweretsa thupi kuchokera ku Joni kumafuna kalata ya imfa, kalata yakuti thupi lakonzedwa, zilolezo za pa zipata ndi ndalama zambiri. Amalawi a kumeneko ali ndi magulu awo osonkherana za maliro, ena a mipingo ndi mizikiti, ena a anthu a boma limodzi. Mlendo alowe gulu lotere mwezi woyamba, auze atsogoleri ake dzina lake lenileni, mudzi wake, mfumu yake ndi munthu woti adzauzidwe. Maina ongopeka amene ena amadzipatsa pofuna kubisala achititsa kuti anthu aikidwe m'manda a osadziwika, makolo awo akudikirabe kalata.

Ena adzanena kuti zonsezi ndi zonena anthu okhuta, chifukwa wosauka sangapeze chilolezo cha ntchito, ndipo akadikira mapepala ana ake agona ndi njala. Mau amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo sitikubisa kuti chilolezo cha ntchito ndi chovuta kwa munthu wopanda luso lapadera. Koma zambiri zimene tatchulazi sizifuna chuma. Kujambulitsa pasipoti, kusunga lisiti, kutenga kalata ya kuchipatala, kulembetsa mwana ndi kutchula dzina loona ndi zinthu zimene wosauka aliyense angathe kuchita. Ndipo amene waona kuti njira yalamulo yamkanika achite bwino kubwerera masiku ake asanathe, kuti khomo likhale lotsegukabe mawa.

Udindo waukulu uli pa inu akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi. Mabwanamkubwa, mafumu ndi akalaliki amene amasaina makalata a ofuna pasipoti asamangodinda, koma apatule mphindi zochepa kumufunsa mnyamatayo ngati akudziwa masiku amene adzapatsidwe ndi chimene chidzachitike akawapyola. Maofesi opereka ziphaso agwire ntchito yawo msanga ndi mwachilungamo, pakuti kuchedwa kwa pepala ndi kumene kumakankhira anthu kwa akathyali. Aphunzitsi a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 adziwe kuti ena mwa ana amene ali patsogolo pawo adzakhala pa Beitbridge zaka ziwiri zisanathe. Awaphunzitse kudzaza fomu, kuwerenga kalata ya mgwirizano asanaisaine, kulemba dzina lawo mofanana pa pepala lililonse, ndi kumvera malamulo a dziko la eni monga amamvera a kwawo.

Makolo nawonso, popereka kamba wa paulendo ndi malangizo a mwambo, afunse kuona mapepala a mwana wawo ndi kusungako ena m'nyumba. Mwana amene wachoka dzina lake litalembedwa kuno ndi kumene akupitako angathe kufunidwa akasowa, kulipidwa akavulala ndi kubwezedwa kwawo akamwalira. Tikupempha aliyense wokhudzidwa kuti achitepo kanthu basi yotsatira isananyamuke.