Akuba a pa Foni: Kodi Kutseka Nambala N'kokwanira?

Foni ikulira, nambala ndi yachilendo. Woimbayo akuti watumiza ndalama kwa inu molakwika, ndiye mubweze msanga. Wina akuti m'bale wanu wagonekedwa m'chipatala. Munalandirapo foni yotere, eti?

Kale wakuba ankathyola chitseko. Lero ndalama za nandolo ndi chimanga zimagona mu foni, pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, ndiye naye wasamukira komweko. Kuno ku Milange ali ndi mwayi winanso. Ambirife tili ndi abale kutsidya, ku Muloza ndi ku Mulanje. Tikaona nambala ya ku Malawi, yoyamba ndi +265, sitikayika.

Mafoni ambiri amalola kutseka nambala. Ngati yanu imalemba Chipwitikizi, fufuzani mawu akuti bloquear. Itsekeni ndithu, koma musagone tulo. Bungwe la INCM limafuna kuti simu iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, komabe wakuba amapeza ina, mawa n'kuimbanso.

Vuto lalikulu lili pakhomo. Foni ndi imodzi, oyankha ndi ambiri: mayi, mwana, agogo. Wakubayo amangofuna mmodzi woti achite mantha. Choncho uzani onse kuti PIN sauza munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Akati m'bale wadwala, dulani, muimbire m'baleyo pa nambala imene mukuidziwa. Akati bwezani, yambani mwaona ndalama zimene zilimo: pa M-Pesa imbani *150#, pa e-Mola *898#.