Akhristu adachoka liti m'sunagoge?

Mukafunsa opemphera ambiri kuti Chikhristu chidasiyana liti ndi Chiyuda, yankho limabwera msanga: pa tsiku la Pentekoste, kapena pomwe Yesu adauka kwa akufa. Yankho lotere limakoma pa guwa, koma mbiri imanena zina. Kupatukanaku kudatenga zaka zoposa 300, ndipo zomwe zidakukolezera kwambiri zidali nkhani za chakudya, msonkho, nkhondo ndi kalendala. Mlungu uno tiyeni tiitsate nkhaniyi, abale anga, chifukwa momwe timaifotokozera ndi momwenso timaphunzitsira ana athu kuyankhula za Ayuda.

Tiyambe ndi zomwe palibe amatsutsa. Yesu adali Myuda. Amayi ake, ophunzira ake 12 komanso Paulo, onse adali Ayuda. Yesu atapachikidwa mu ulamuliro wa Pilato cha m'ma 30, otsatira ake sadathamangire kukamanga tchalitchi. Buku la Machitidwe a Atumwi limaonetsa kuti adapitiriza kupita ku Kachisi wa ku Yerusalemu pa nthawi za mapemphero. Masiku amenewo Chiyuda chidali ndi magulu angapo, monga Afarisi, Asaduki ndi ena omwe ankafuna kuthamangitsa Aroma ndi zida. Otsatira a Yesu ankaoneka ngati gulu limodzi mwa amenewa, ndipo ankasiyana ndi anzawo pa mfundo yoti Mesiya wafika kale.

Mutu udayamba kuwawa pomwe anthu a mitundu ina adayamba kulowa m'gululi, makamaka ku Antiokeya, mzinda womwe dzina loti Akhristu lidayambira. Kodi Mgiriki wobatizidwa ayenera kudulidwa ndi kusunga malamulo onse a Mose? Cha m'ma 49 atsogoleri adakumana ku Yerusalemu, ndipo adamanga mfundo yoti a mitundu ina asakakamizidwe mdulidwe, koma apewe nyama yoperekedwa kwa mafano, magazi, nyama yophedwa mochita kupotola, ndi dama. Taonani kuti zitatu mwa zinayi zimenezi ndi za m'mbale. Nkhawa yaikulu idali yoti Myuda ndi Mgiriki azitha kudyera pamodzi. Ngakhale zidali choncho, Paulo akufotokoza m'kalata yake yopita kwa Agalatiya kuti ku Antiokeya adadzudzula Petro pagulu chifukwa adasiya kudya ndi a mitundu ina atabwera anthu ochokera kwa Yakobo. Onse atatuwa adali Ayuda, akukangana za m'nyumba mwawo.

Nawo Aroma poyamba ankaona ngati phokoso la m'banja limodzi. Wolemba mbiri Suetonius adati Claudius, mfumu ya Aroma, adathamangitsa Ayuda mumzinda wa Roma chifukwa cha zipolowe zokhudza munthu wotchedwa Chrestus, ndipo akatswiri ambiri amati ankanena Khristu. Koma m'chaka cha 64, moto utapsereza mbali yaikulu ya mzindawo, Nero adaloza chala Akhristu paokha n'kuwapha. Apa boma lidali litayamba kuwaona ngati gulu lapadera.

Kenaka kudadza nkhondo. Mu 66 Ayuda adaukira Aroma, ndipo mu 70 asilikali a Titus adagwetsa Kachisi. Yakobo, mbale wake wa Yesu, yemwe ankatsogolera mpingo wa ku Yerusalemu ndipo ankasunga Chilamulo, adali ataphedwa kale mu 62. Tsopano mbali zonse zidayenera kuyankha funso limodzi: tipembedza bwanji popanda guwa la nsembe? Aphunzitsi a Chiyuda omwe adasonkhana ku Yavneh motsogozedwa ndi Yohanan ben Zakkai adaika mtima pa pemphero, sunagoge ndi kuphunzira Chilamulo. Akhristu adati imfa ya Yesu ndiyo nsembe yokwanira. N'chifukwa chake olemba mbiri ambiri amati Chiyuda chomwe tikuchidziwa lero ndi Chikhristu zili ngati ana a mimba imodzi, omwe adakula mosiyana nyumba ya makolo awo itagwa.

Chinthu china chomwe sitimachimva kawirikawiri mu ulaliki ndi msonkho. Nkhondo itatha, Vespasian adalamula Ayuda onse mu ufumu wake, amuna, akazi ndi ana omwe, kuti azipereka ndalama ziwiri zasiliva pachaka ku kachisi wa Jupiter ku Roma. Kale ndalama yotereyi inkapita ku Kachisi wa ku Yerusalemu. Msonkhowu udakakamiza wokhometsa kufunsa kuti Myuda ndani. Domitian adaukhwimitsa mpaka kumafufuza anthu obisa mtundu wawo, ndipo Nerva adaufewetsa mu 96. Wopereka ankanyozeka, komabe chipembedzo chake chidali chodziwika ku boma. Mkhristu wosapereka adalibe chitetezo chimenecho. Cha m'ma 112, bwanamkubwa Pliny ankaweruza anthu ku Bithynia pa mlandu wongokhala Akhristu, ndipo m'kalata yake kwa mfumu Trajan sadawatchule kuti Ayuda.

Nkhondo ina, ya pakati pa 132 ndi 135, idakulitsa mng'alu. Mtsogoleri wake, Bar Kokhba, ena ankamutenga ngati Mesiya. Myuda wokhulupirira Yesu sakadatha kumenya nkhondo pansi pa Mesiya wina, ndipo Justin Martyr, Mkhristu yemwe adalemba patangopita zaka zochepa, adati Bar Kokhba ankalanga okana kutaya Yesu. Aroma atapambana, Hadrian adaletsa Ayuda kulowa mu Yerusalemu, mzinda womwe tsopano unkatchedwa Aelia Capitolina. Wolemba mbiri ya mpingo Eusebius adati mabishopu 15 oyamba a ku Yerusalemu adali Ayuda, ndipo kuchokera apa udindowo udapita kwa a mitundu ina.

Panali ena omwe adafuna kudula chingwe chonse. Marcion ankaphunzitsa kuti Mulungu wa Chipangano Chakale ndi wina, Atate a Yesu ndi ena, choncho mabuku a Chiyuda atayidwe. Mpingo wa ku Roma udamuchotsa cha m'ma 144. Chigamulo chimenecho ndicho chidachititsa kuti Baibulo lomwe lili m'nyumba mwanu likhale ndi Genesis, Masalimo ndi Yesaya. Mpingo udasankha kusunga malemba a Ayuda ngakhale unkakangana ndi eni ake pa tanthauzo lake.

Mwina mukuganiza kuti pofika apa nkhani idatha. Ayi ndithu. Mnyamata akasamukira m'gowelo samasiya tsiku lomwelo kudya kwa amayi ake. Akhristu ambiri a ku Asia Minor adapitiriza kuchita Pasaka pa tsiku la 14 la mwezi wa Nisan, potsatira kalendala ya Ayuda, ndipo nkhaniyi idautsa mkangano ndi mpingo wa ku Roma. Mu 321 Constantine adakhazikitsa Lamulungu ngati tsiku lopuma, ngakhale Akhristu adali atayamba kale kalekale kusonkhana tsikuli. Mu 325 msonkhano wa ku Nicaea udafuna kuti Pasaka ichitike tsiku limodzi kulikonse, mosadalira kawerengedwe ka Ayuda. Patapita zaka, msonkhano wa ku Laodicea udaletsa Akhristu kupuma Loweruka. Mu 386 ndi 387 John Chrysostom adalalikira maulaliki aukali ku Antiokeya podzudzula Akhristu ake omwe ankapita ku sunagoge pa zikondwerero za Ayuda. Lamulo saikira chinthu chomwe anthu sakuchita. Ngati abusa ankakalipa chonchi patapita zaka 350 Yesu atapachikidwa, ndiye kuti anthu wamba ankadutsabe mpandawo.

Mikangano yomwe timaimva m'minibasi ndi pa maliro, yoti tsiku lenileni lopembedza ndi Loweruka kapena Lamulungu, yoti nkhumba idyedwe kapena ayi, ndi zidzukulu za mikangano yomweyi. Ngakhale mawu omwe timagwiritsa ntchito m'mapemphero, monga Amen, Aleluya, Sabata ndi Pasaka, gwero lake ndi Chiheberi.

Koma pali chifukwa chachikulu chodziwira mbiriyi. Mu 380 Theodosius adapanga Chikhristu kukhala chipembedzo cha boma la Roma. Mawu aukali omwe adanenedwa pomwe Akhristu adali kagulu kochepa adayamba kuwerengedwa ndi anthu okhala ndi asilikali ndi makhothi. Chiphunzitso choti Ayuda onse ndi opha Khristu chidafala, ndipo kwa zaka mazanamazana ku Ulaya chidatsagana ndi kulanda katundu, kuthamangitsa ndi kupha. Chidani chimenechi chidalimira munda momwe chipani cha Nazi chidafesamo zake, mpaka Ayuda pafupifupi 6 miliyoni adaphedwa pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1965 mpingo wa Katolika, m'chikalata chotchedwa Nostra Aetate, udanena poyera kuti imfa ya Yesu isaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena a lero. Tisaiwalenso kuti kupachika pa mtanda chidali chilango cha Aroma, ndipo adalamula ndi Pilato.

Choncho inu alaliki, aphunzitsi a Sande sukulu ndi makolo, mukamawerenga Uthenga Wabwino wa Yohane n'kupeza akunena za Ayuda omwe ankatsutsana ndi Yesu, auzeni omvera anu kuti wotsutsidwayo adali Myuda, omutsatira adali Ayuda, ndipo mkanganowo udali wa pachibale. Munthu angathe kusunga chikhulupiriro chake chonse popanda kunyoza mtundu wa anthu omwe adamusungira malemba. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Pasaka ikamayandikira, ganizirani bwino mawu omwe ana anu atamve kuchokera pakamwa panu.