Mota yothamanga si mankhwala a makina akale

Mwezi watha ndinapita ndi njinga yanga yamoto kwa makaniko wina wa kuno kwa Kaphuka. Dzina lake sinditchula. Ndi bambo wachikulire yemwe ndimamulemekeza, ndipo njinga zambiri za kabaza zomwe mumakwera popita ku msika wa Chimbiya zinadutsapo m'manja mwake. Ndikudikira kuti andikonzere tcheni, anandionetsa monyadira zomwe anachita ndi grinder yake, ija ya mwala wonolera zitsulo yomangirira pa benchi. Mota yakale inapsa. Iwo anapeza ina yochotsedwa pa pampu yamadzi, n'kuimangirira pamalo pomwepo, lamba yemweyo, ma pulley omwewo.

"Aphunzitsi, tamvani mmene ikulirira tsopano. Iyi ndiye ndege!"

Ndinamva ndithu. Kenako ndinabwerera m'mbuyo mapazi atatu, n'kuwapempha kuti ayambe aizimitsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi, inu a Fomu 3 ndi 4 mutenge cholembera. Mota iliyonse imakhala ndi kachitsulo kolembedwa pambali pake. Pa mota yopsayo panalembedwa 1,400 rpm, kutanthauza kuti imazungulira ka 1,400 pa mphindi imodzi. Pa yatsopanoyo panalembedwa 2,800. Kusiyanaku si kwa mwangozi. Magetsi a ESCOM amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, ndipo mota zamtunduwu zimatsatira zimenezo: ya ma pole anayi imazungulira mocheperako pang'ono pa 1,500, ya ma pole awiri mocheperako pang'ono pa 3,000.

Pulley ya pa mota inali ya masentimita 12, ya ku mwala inali ya masentimita 6. Yaikulu ikazungulira kamodzi, yaing'ono yazungulira kawiri. Ndiye ndi mota yakale mwala unkazungulira ka 2,800 pa mphindi. Ndi yatsopano, ka 5,600. Pa kapepala komata pa mwalawo panalembedwa malire ake: 3,340.

Mwala wa masentimita 20 m'mimba mwake uli ndi mkombero wa mamita 0.63. Ukazungulira ka 93 pa sekondi, m'mphepete mwake mukuthamanga mamita pafupifupi 59 pa sekondi, omwe ndi makilomita opitirira 200 pa ola. Palibe minibasi ya pa M1 yomwe imafika pamenepo. Ndipo choopsa chenicheni chili mu fomula ija mumaiona ngati yongolembera mayeso a MANEB, F = mv²/r. Liwiro lili ndi ka 2 pamwamba. Mukaliwonjezera kawiri, mphamvu yofunika kugwira tizidutswa ta mwalawo kuti tisathawe imakwera kanayi. Mwala wonolera ndi mchenga wolimba womatidwa pamodzi basi. Chomatacho chikalephera, zidutswa zimauluka molunjika, ndipo nkhope ya wonolayo ili pomwepo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena atsutsa. Makina akale a m'magalaja athu ndi chuma, tisawataye, tiwadzutse. Koma kudzutsa makina sikutanthauza kuwapatsa mota yothamanga. Nthawi zambiri chosowa ndi kuyeza ndi kuwerengera, zinthu zomwe inu mumaphunzira ulere m'kalasi.

Chifukwa chiyani ndikuti ndi chuma? Gwirani drill yakale yoimirira, kapena lathe, makina aja ozunguza chitsulo pomwe mpeni wake ukuchisema. Thupi lake ndi la cast iron, chitsulo chofanana ndi cha simbi yamakala ya agogo anu. N'cholemera, ndipo chimameza kunjenjemera. Makina osanjenjemera amadula mosalala. Zomwe zimatha pa makina otere ndi tizinthu totchipa: ma bearing, lamba, switch, nthambo zamagetsi, mafuta ouma omwe asanduka phula. Thupilo limakhalapobe ana ndi zidzukulu. Munthu wogulitsa lathe yadzimbiri kwa ogula zitsulo zakutha pa mtengo wa pa sikelo wataya chinthu chomwe sangadzachipezenso pa ndalama imeneyo.

Wina anena kuti, aphunzitsi, zipangizo za njinga zadzadza m'mashopu ku Dedza boma ndi ku Lilongwe, bwanji kuvutika? Ali ndi mfundo. Piston kapena ma ring palibe chifukwa chosemera kunyumba. Koma funsani wakabaza aliyense zomwe zimachitika ka bush ka pa swing arm kakatha, kapena bauti ikathyokera mkati mwa injini, kapena kachitsulo kotalikitsa pakati pa gudumu ndi foloko kakasowa. Tsiku lonse latha pa ulendo, ndalama ya mayendedwe yapita, njinga yagona, pakhomo ndiwo palibe. Lathe yabwino imasema bush wotere pa nthawi yochepa. Mudzi wokhala ndi lathe imodzi yoyenda bwino ndi munthu woidziwa ndi mudzi wina.

Tsono tiyambire pati? Ine ndikanakhala ndi ndalama yochepa, ndikanayamba ndi vernier caliper, osati mota. Mpata wa ma valve pa injini zing'onozing'ono za njingazi umakhala wochepera gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Bearing kuti ikhale bwino m'malo mwake ndi nkhani ya miyeso yaing'ono chomwecho. Diso silingaone zimenezo, olo likhale la mmisiri wa zaka makumi atatu pa ntchito. Rula wa m'kalasi amathera pa milimita imodzi. Vernier imafika pa 0.05 kapena 0.02, ndipo ambiri a inu munaigwirapo mu labu, mukuyeza ndalama yachitsulo mukuyasamula. Makaniko wambiri sanaphunzitsidwepo kuiwerenga. Inu mumatha.

Chachiwiri ndi kuchepetsa liwiro, inde kuchepetsa. Mnyamata wina yemwe ndinamuphunzitsa anandidandaulira kuti ma bit ake oboolera akungosanduka a buluu n'kufa. Ankaganiza kuti amugulitsa achinyengo. Ayi, ankaboola chitsulo ngati akuboola thabwa. Bit ya mamilimita 10 pa chitsulo wamba imafuna kuzungulira ka 800 pa mphindi kapena kucheperapo, ndi kadontho ka mafuta. Bit ikakula, liwiro litsike, chifukwa m'mphepete mwake mumayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi. Mukaithamangitsa, kukhulana kumabala kutentha, nsonga imafewa, basi yatha. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pa drill zimaoneka ndi maso.

Yankho lake mumalidziwa kale kuchokera pa njinga yomweyo. Wakabaza wosenza matumba a mbatata ya kachewere akafika pa chitunda amatsitsa giya. Ena amasinthiratu sprocket yakumbuyo kuika ya mano ambiri. Njinga imataya liwiro koma imapeza mphamvu yokoka. Pa drill n'chimodzimodzi: pulley yaing'ono pa mota, yaikulu ku bit. Mota ya 1,400 ndi pulley ya masentimita 6 ikuyendetsa ya masentimita 12 ikupatsani 700, ndi mphamvu yopotokola yowirikiza kawiri. Simunawonjezere magetsi ngakhale pang'ono.

Pali vuto lina lomwe limakhumudwitsa ogula lathe zakale. Zambiri zimabwera ndi mota ya three phase, ngati ya pa chigayo, pomwe nyumba zathu zili ndi single phase ya 230 V. Mukhoza kusintha mota, bola musunge rpm yomweyo, kapena kugula kabokosi kotchedwa VFD, komwe kamalandira single phase n'kutulutsa three phase komanso kukulolani kusintha liwiro. Ndi kabwino, koma si kotchipa, ndipo si mota iliyonse yomwe ingagwirizane nako. Funsani wodziwa zamagetsi musanagule. Chomwe sichidula koma ambiri amachinyalanyaza ndi waya wa earth. Thupi la makina ndi chitsulo, pansi pa galaja nthawi ya dzinja ndi ponyowa, nsapato zake ndi patapata. Malizitsani nokha.

Ndisabise, pali zinthu zomwe sindikufuna kuona aliyense wa inu akupanga, olo mutakhala ndi lathe yonyezimira. Axle ya gudumu, zitsulo za mabuleki, foloko yakutsogolo yothyoka n'kuwotcherera. Zimenezi zimapangidwa ndi chitsulo chosankhidwa, chotenthedwa ndi kuziziritsidwa mwa dongosolo. Chitsulo chomangira nyumba chikhoza kusemedwa n'kuoneka ndendende ngati axle, koma kuoneka si kulimba. Tsiku lomwe chidzathyoke, kumbuyo kwa njingayo kudzakhala mayi wobereka mwana.

Musaganize kuti kuyamba ndi zakutha n'chinthu chochititsa manyazi. Soichiro Honda anayamba mu 1946 ku Hamamatsu, ku Japan, pomangirira pa njinga zakapalasa tiinjini totsala ku nkhondo. William Kamkwamba wa ku Kasungu anatola zake pa mulu wa zitsulo zotayidwa. Koma onani kuti Kamkwamba sanangotola, anawerenganso buku la sayansi lomwe anabwereka ku laibulale. Ndipo atsikana, nkhaniyi ndi yanunso. Vernier safunsa kuti dzanja ili ndi la ndani, ndipo maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA amalandira onse.

Mukapita kwa amisiriwa mupite ndi ulemu. Bambo ajawa amadziwa vuto la injini pongomva kulira kwake, chinthu chomwe digiri yanga sinandipatse. Nditawaonetsa masamu pa katoni, anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye mukuti ndibweze mota, aphunzitsi?" Ndinati ayi, madala, mota isiyeni, ingosinthani pulley kuti zonse ziwiri zikhale zofanana, mwala ubwerera pa 2,800. Anafufuza m'chitini cha zakutha n'kupeza ya masentimita 6.

Mwala womwe unathamangitsidwawo tinaumasula. Ndinaupachika pa chala n'kuugogoda pang'ono ndi chogwirira cha screwdriver, monga amayi anu amagogodera mphika wadothi pa msika asanaugule. Wabwino umalira kuti ngwee. Uwu unangoti phu. Anauika pambali, ndipo Loweruka likudzali tikupinda chitsulo chophimbira mwala watsopano. Amene akufuna kudzaona abwere ndi kope, cholembera ndi magalasi oteteza maso a mu labu, ndapempha kale kwa ahedi.