ZA CITUKUKO: Kodi Galimoto ya Magetsi Ingafike Kumudzi?

Mu January 2024 Boma linacotsa msonkho wa kasitomu pa magalimoto, mabasi, malole ndi njinga zamoto zoyendera magetsi, potsatira bajeti imene Nduna ya za Cuma, Dr Situmbeko Musokotwane, anawerenga m'Nyumba ya Malamulo mu September 2023. Colinga cace ncomveka. Dziko lino liribe zitsime za mafuta. Dizilo wambiri amayenda makilomita 1,710 m'mipope ya TAZAMA kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja. Komanso galimoto ya magetsi imalowa mkuwa woposa kawiri wa galimoto ya mafuta, ndipo mkuwa ndiwo cuma ca Zambia.

Koma mlimi kapena kopaletivu imene yasunga ndalama za fodya, thonje ndi soya kwa zaka zingapo kuti igule vaneti iri ndi funso lina: kodi galimoto yosamwa mafutayi ingagwire nchito ya kumudzi? Yankho lace lagona pa ulendo umene galimotoyo idzayenda, ndipo maulendo alipo a mitundu itatu.

ULENDO WA TSIKU NDI TSIKU

Galimoto ya magetsi iribe thanki ya mafuta, iribe paipi ya utsi, ndipo sifuna kusintha oilo wa injini. Mphamvu yace imasungidwa m'batire lalikulu limene limayalidwa pansi pa galimoto, ndipo imawerengedwa m'mayuniti omwe aja amene anthu amagula kwa ZESCO. Galimoto yaikulu yonyamula banja imadya mayuniti pafupi-fupi 20 pa makilomita 100, pamene inzace ya dizilo imamwa malita 8 kapena 10 pa mtunda womwewo. Amene adziwa mtengo wa yuniti ndi wa lita angathe kudziwerengera yekha, ndipo adzapeza kuti magetsi ndiwo ochipa.

Soketi ya m'nyumba imalowetsa mayuniti awiri kapena atatu pa ola. Ndiye kuti galimoto imene yagona pa soketi usiku wonse imadzuka ndi mphamvu yoyendera makilomita 100 kapena kuposerapo. Kwa wogwira nchito amene amakhala kunja kwa Chipata nalowa m'tauni m'mawa uli wonse, kapena wamalonda amene amatenga katundu kumsika nabwerera kunyumba madzulo, mphamvu imeneyi njokwanira ndithu. Pa ulendo wotere galimoto ya magetsi iribe mlandu, malinga ngati nyumbayo iri ndi magetsi odalirika.

Mau akuti odalirika ndiwo ofunika. Magetsi ambiri a dziko lino amacokera ku madzi, maka-maka ku Kariba ndi ku Kafue. Cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse mu February caka cimeneco, cinacepetsa madzi kotero kuti m'madera ena magetsi anali kuzima maola oposa 20 pa tsiku. Mwini galimoto ya magetsi pa nyengo yotere amapikisana ndi cigayo, mpope wa madzi ndi citofu pa maola ocepa otsalawo.

Ena angaganize kuti sola ya pa denga idzathandiza. Sola yaing'ono ya mawati 100, yonga imene mabanja a kumidzi amaunikira ndi kuchajira mafoni, imapereka pafupi-fupi theka la yuniti pa tsiku. Mphamvu imeneyo ingayendetse galimoto makilomita awiri kapena atatu cabe.

ULENDO WAUTALI

Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pa mseu wa Great East pali makilomita pafupi-fupi 570. Vaneti yaikulu ya ku America yochedwa Ford F-150 Lightning, imene inayamba kugulitsidwa mu 2022, inapatsidwa batire la mayuniti 131, limodzi mwa mabatire akulu-akulu ndithu, ndipo pa mayeso a boma la kumeneko inapezeka kuti ingayende makilomita pafupi-fupi 515 isanathe mphamvu. Ndiye kuti ngakhale yopanda katundu singafike ku Chipata osaima panjira.

Mtunda wolembedwa m'mabuku a ogulitsa suwerengera matumba a feteleza. Liwiro lalikulu, katundu wolemera ndi zitunda zimadya batire msanga, ndipo amene anayesa kukoka ngolo yolemera ndi mavaneti otere anapeza kuti mtunda umatsika kufika pa theka. Pa zitunda za Manenekera, cakufupi ndi ulalo wa Luangwa, galimoto ya magetsi imabwezako mphamvu ina m'batire potsetsereka, pakuti mota yace imasanduka copangira magetsi woyendetsa akacotsa phazi. Koma zimene imabweza potsika sizifika pa zimene inataya pokwera.

Woyendetsa wa dizilo amadziwa kuti adzapeza mafuta ku Chongwe, ku Nyimba, ku Petauke, ku Sinda ndi ku Katete, ndipo kuthira kumatenga mphindi zisanu. Makina ochajira mofulumira amadzaza gawo lalikulu la batire pa mphindi 30 kapena 45, koma makina otere akali ocepa m'dziko lino ndipo apezeka kweni-kweni m'mizinda ikulu-ikulu. Popanda makinawo cotsala ndi soketi ya pa nyumba ya alendo, imene ingatenge masiku awiri kudzaza batire la mayuniti 131. Wonyamula odwala, maliro kapena tomato alibe masiku awiri oyembekezera.

MISEU YA M'THENGO

Pa miseu ya fumbi ndi matope nkhani iri pawiri. Mota ya magetsi imapereka mphamvu yace yonse galimoto ikangoyamba kuyenda, ndipo ici cimathandiza pokwera citunda ca miyala pang'ono-pang'ono. Magalimoto ena, monga Rivian R1T imene inatuluka mu 2021, anapangidwa ndi mota pa gudumu liri lonse, kotero kuti gudumu limodzi likaterereka ena amapitiriza kukoka. Ndiponso popeza iribe injini yopuma mpweya, simeza madzi poolokera pa kamtsinje monga imacitira galimoto ya mafuta.

Bvuto ndi kulemera. Mavaneti a magetsi akulu-akulu amalemera matani pafupi-fupi atatu asananyamule kanthu, pamene vaneti ya dizilo yonga Toyota Hilux imalemera matani awiri ndi pang'ono. M'dambo la mwezi wa February kapena mumcenga wa m'cigwa ca Luangwa, tani yoonjezerayo ndiyo imamiza magudumu, ndipo ng'ombe ziwiri zimene zikadatulutsa vaneti wamba zingalephere. Mcenga ndi matope zimadyanso batire msanga koposa mseu wa tara. Woyenda m'thengo ndi dizilo amamangirira cigubu ca malita 20 kumbuyo, koma magetsi satungidwa m'cigubu.

Mwala ukaboola batire pansi pa galimoto, ngozi ya moto imakhalapo ndipo kukonza kwace kumadya ndalama zambiri. Nthambo zofiirira za m'magalimoto amenewa zimanyamula mphamvu ya mavoti 400 kapena kuposa, pamene ya m'nyumba ndi 230. Makanika wa pansi pa mtengo, amene wapulumutsa alimi ambiri ndi sipanala ndi waya, sayenera kuzikhudza popanda maphunziro ace. Yambiri mwa magalimotowa safunanso kukokedwa ndi cingwe mtunda wautali. Ikafa iyenera kukwezedwa pa lole.

KUMENE YAPAMBANA

Izi sizitanthauza kuti galimoto ya magetsi iribe malo m'thengo la Zambia. Ku Ila Safari Lodge m'nkhalango ya Kafue ndi ku Shawa Luangwa Camp m'cigwa ca Luangwa alendo amaonetsedwa nyama m'magalimoto a magetsi ochajidwa ndi dzuwa, ndipo popeza alibe phokoso nyama sizithawa msanga. Ku mgodi wa Kansanshi ku Solwezi, mu 2024 anayamba kuyesa cilole cacikulu ca Hitachi coyendera batire, cimene cimatenga magetsi pa nthambo zam'mwamba pokwera kucoka m'dzenje.

Malo onsewa afanana pa cinthu cimodzi. Galimoto imayenda ulendo waufupi wodziwika, nibwerera pamalo pamene pali magetsi okwanira ndi anthu odziwa kuikonza. Eni ace anayamba amanga cochajira, galimoto inabwera pambuyo. Kopaletivu imene iri ndi sola yaikulu yoyendetsa cigayo kapena mpope wothirira, ndipo ulendo wace ndi wa pakati pa munda ndi depoti ya pafupi, ingatsatire citsanzo cimeneci. Imene iribe zotere idzagula cokongoletsa pabwalo.

Akulu anati safunsa anadya phula. Asanapereke ndalama, wogula afunse mafunso atatu: kodi galimotoyi idzagona pati usiku uli wonse, ndipo pamenepo pali magetsi? Kodi ulendo wautali koposa umene idzayenda itasenza katundu ndi wa makilomita angati? Kodi ikaonongeka, wodziwa kuikonza ali kutali bwanji? Wogula yogwirapo kale nchito yocokera kunja afunsenso za moyo wa batire, pakuti batire limafooka ndi zaka, ndipo opanga ambiri amalitsimikizira kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000 okha.

Amene ayankha bwino mafunso onsewa adzapulumutsa ndalama zambiri za mafuta. Amene alephera ngakhale limodzi acita bwino kusunga ndalama zace kapena kugula ya dizilo, kufikira makina ochajira atafika pa mseu wa kwao.