Tayala kulowa pa limu si umboni woti lakwana

Pali chikhulupiriro chomwe chidazika mizu pakati pa eni njinga, ngakhalenso ena mwa okonza njinga m'misika ndi pansi pa mitengo m'dziko muno, choti tayala likangolowa pa limu n'kulola kupopedwa, basi nkhani yatha. Chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika, ndipo ena amachilipira ndi mano, ena ndi mafupa.

Kale nkhaniyi siinkavuta. Njinga zambiri zidali za mtundu umodzi, zakuda zija za Humber, Hero kapena Phoenix, ndipo munthu akanena m'sitolo kuti akufuna tayala la 28, wogulitsa sankafunsanso zambiri. Lero zinthu zidasintha. Kaunjika wa njinga zochokera kunja wabweretsa ma mountain bike, njinga za mjaho za matayala oonda ngati chala, ndi magudumu amitundumitundu omwe amagulitsidwa paokha.

Mwa magudumu oterewa, mwa apo ndi apo mumapezeka ena a limu yodabwitsa, yopanda milomo yokolera tayala. Awa ndi malimu a tubular, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha momwe maso amanamizira munthu.

Tayala lomwe aliyense akulidziwa lili ndi waya m'mphepete zonse ziwiri. Chubu chikapopedwa, mpweya umakankha wayayo kuti akole m'milomo ya limu. Tayala la tubular silitero. Ilo chubu chake chimasokeredwa m'kati, tayala lonse n'kukhala lobulungira ngati payipi, kenako amalimata pa limu ndi guluu wapadera kapena tepi yomata mbali zonse. Limu yake imangokhala ndi kangalande kosaya komwe tayalalo limakhalapo. Chomwe chimaligwira ndi guluu ndi mphamvu ya mpweya basi.

Kwa zaka zambiri akatswiri a mpikisano wa njinga ku Ulaya ankakonda matayala amenewa chifukwa malimu ake ndi opepuka, komanso tayala likaphwa silivuka msanga, choncho wopalasa amatha kupitirirabe pang'ono mpaka thandizo litamupeza. Makampani monga Dugast ndi Tufo adapanganso ma tubular aakulu a mountain bike, ndipo Nino Schurter wa ku Switzerland ankathamangira otere pomwe adapata mendulo ya siliva pa masewero a Olympics ku London mu 2012. Masiku ano matimu ambiri akuluakulu adasamukira ku matayala opanda chubu, otchedwa tubeless, ndipo n'chifukwa chake magudumu a tubular amagulitsidwa motchipa pa misika ya zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito.

Funso lomwe limabwera kwa munthu amene watola gudumu lotere n'loti: kodi pa limu ya tubular ya mountain bike sangamatepo tayala loonda la njinga ya mjaho, kuti aziuluka nalo pa tala?

Kunena za kulowa, likhoza kulowa ndithu. Gudumu la mountain bike lomwe amalitcha 29 ndi la njinga ya mjaho lomwe amalitcha 700C n'zofanana kukula kwa mkombero wake. Koma vuto lili pa kangalande kaja. Opanga amakakhotetsa molingana ndi kunenepa kwa tayala lomwe akufuna kuti likhalepo. Tayala la mountain bike limanenepa mamilimita pafupifupi 50, pomwe la mjaho limakhala la mamilimita 21 mpaka 28.

Kuika tayala loonda m'kangalande kotambalala kuli ngati kuika lalanje m'beseni: limakhudza pansi pokha, m'mbali monse muli mpata. Guluu amagwira pakati pokha, pomwe m'mbali ndi momwe mumafunika kugwira kwambiri njinga ikapendekeka pokhota. Poyenda molunjika munthu sangaone vuto lililonse. Tsiku lomwe adzakhote pa liwiro ndi pomwe tayala lidzagudubuzike n'kuchoka pa limu.

Vuto lachiwiri n'loti tayala loonda silibisa m'mphepete mwa limu yotambalala. Gudumu likalowa m'dzenje kapena kugunda mwala, chomwe chimayamba kulandira nkhonya ndi limuyo. Ikakhala ya aluminiyamu imapindika, ikakhala ya carbon imang'aluka, ndipo carbon sawongola ndi hamala.

Ndipo guluu naye ali ndi mdani wake, yemwe ndi kutentha. Pa njinga ya mabuleki ofinya limu, kutsika chitunda chachitali kumatenthetsa limu mpaka guluu kufewa. Aliyense amene akudziwa mtsetse wochoka pa phiri la Zomba, wa Chiweta ku Rumphi kapena wotsikira ku Chikwawa mwezi wa October atha kuona yekha kuopsa kwake.

Zomwe zimachitika tayala lomata likavuka dziko lidaziona pa 14 July 2003 mu mpikisano wa Tour de France. Joseba Beloki wa ku Spain, yemwe adali pa nambala 2, ankatsika chitunda cholowera m'tawuni ya Gap tala atasungunuka ndi dzuwa. Atagwira mabuleki gudumu lam'mbuyo lidatsetsereka, tayala lidachoka pa limu ndipo mkuluyu adagwa n'kuthyoka fupa la ntchafu, chigongono ndi dzanja. Lance Armstrong, yemwe adali pambuyo pake, adapulumukira m'munda. Beloki sadabwererenso pa mlingo wake wakale.

Komatu tayala la Beloki lidali loyenera limu yake, ndipo adalimata ndi amakaniko a timu omwe ntchito yawo ndi yomweyo. Nanga kuli bwanji tayala lolakwika, lomatidwa ndi guluu wa nsapato?

Wina atha kunena kuti izi ndi za azungu ndi njinga zawo zodula, sizikumukhudza wakabaza wa ku Salima kapena mlimi wa ku Mchinji. Zoona, ma tubular ndi ochepa kuno. Koma msampha womwewo, wokhulupirira kulowa kwa tayala, ulinso pa njinga wamba, ndipo umayambira pa manambala omwe anthu amatchula pogula.

Nambala ya mainchesi, monga 26 kapena 28, siinena kukula kwa limu. Imangoyerekeza kukula kwa gudumu lonse tayala lili pomwepo. Kotero pali matayala angapo osiyana omwe onse amatchedwa 26. La mountain bike limakhala pa limu ya mamilimita 559, la 26 x 1 3/8 limafuna 590, pomwe la 26 x 1 1/2 limafuna 584. Ku 28 nako n'chimodzimodzi: njinga zakuda zija, za 28 x 1 1/2, limu yake ndi ya mamilimita 635, pomwe 28 ya njinga zambiri za ku Ulaya ndi ya 622. Chodabwitsa n'choti 27 ya njinga zakale za mjaho ndi 630, kutanthauza kuti imaposa 28 ya ku Ulaya, ndipo 29 ya mountain bike ndi 622 yomweyo.

Kusiyana kwa mamilimita asanu kapena asanu ndi atatu kumaoneka kochepa. Tayala la 635 limavalika mosavuta pa limu ya 630, ndipo mwini wake amatha kusangalala kuti lalowa popanda kulimbana nalo. Kulowa kosavutako ndiye chenjezo lake, chifukwa waya sakola bwino, ndipo chubu chimatha kutulukira pambali n'kuphulika. Likakhala laling'ono, okonza amalikakamiza ndi zitsulo mpaka waya kuduka kapena chubu kupanidwa.

Mankhwala a chisokonezo chimenechi adapezeka kalekale. Bungwe loona za miyezo ya matayala ndi malimu ku Ulaya la ETRTO lidakonza njira yolembera, yomwe ilinso m'muyezo wa padziko lonse wa ISO 5775. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 40-635, 50-559 kapena 28-622. Yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu yomwe tayalalo limafuna, zonse m'mamilimita. Nambala yachiwiriyo ikasiyana ndi ya tayala lakale, palibenso zokambirana, tayalalo si lake.

Nambala yachiwiri ikafanana, ndi pomwe munthu ayenera kuyang'ana yoyamba. Malimu ambiri amalembedwa kutambalala kwa m'kati mwake, monga 622x19. Lamulo lakale la amakaniko limati tayala linenepe kuposa m'kati mwa limu pafupifupi kamodzi ndi theka kapena kawiri. Masiku ano opanga amalola kupyolako pang'ono, koma palibe amene amalola tayala la mamilimita 25 pa limu ya mountain bike yotambalala mamilimita 30 m'kati.

Palinso nkhani ya mpweya. Tayala loonda la mjaho limafuna kupopedwa kwambiri, nthawi zina kufika pa 100 psi, pomwe la mountain bike limayenda ndi mpweya wosafika theka la pamenepo. Malimu ena atsopano, omwe milomo yake ilibe kambedza kogwira waya, saloledwa kupyola 72.5 psi.

Kuti malire amenewa si ongolemba chabe zidaoneka mu February 2024 pa mpikisano wa UAE Tour, pomwe Thomas De Gendt wa ku Belgium adagwa tayala lake lam'tsogolo litachoka pa limu ya mtundu umenewu. Tayalalo lidali la mamilimita 28 pa limu yotambalala 25 m'kati, pomwe muyezo wa ISO umati pa limu yotere tayala liyambire pa 29. Opanga adati gudumulo lidagunda chinthu pa msewu, komabe bungwe loyendetsa masewero a njinga padziko lonse la UCI lidalengeza kuti lifufuza za malimu oterewa. Ngati milimita imodzi idautsa mkangano wotero, nanga asanu?

Apa pasakhale kunyoza luso la okonza njinga a kuno. Anthu amenewa amadzutsa njinga zomwe kwina akadazitaya kudzala, ndipo popanda iwo odwala ambiri sakadafika kuchipatala, chimanga sichikadafika kuchigayo. Ndi zoonanso kuti m'thumba mukapepuka munthu amagula chomwe chilipo. Koma kupeka nzeru kuli ndi malo ake. Chishalo, kaliyala kapena chotchingira matope zikakhala zongolumikiza, choipa chomwe chingachitike n'kusamva bwino pokwera. Tayala, mabuleki ndi foloko si malo oyesererapo, makamaka pa njinga yonyamula mayi ndi mwana kumbuyo.

Ndipo amene akufuna kuti mountain bike yake izithamanga pa tala sadatsekeredwe njira. Alipo matayala osalala, opanda zigoba, olembedwa 559 kapena 622, onenepa mamilimita 35 mpaka 50, omwe amakhala bwino pa malimu wamba a njinga zimenezi. Amenewa chubu chake chikaboola amamata chigamba pa msika uliwonse. Tubular ikaboola imafuna kumatula, kusula ulusi, kumata, kusokanso, kupaka guluu n'kudikira tsiku lathunthu kuti aume. Kutchipa kwa gudumu lotere n'kwa tsiku logula lokha.

Udindo woyamba uli ndi ogulitsa. Wogulitsa amene wauzidwa kuti "ndikufuna 26" ayenera kufunsa kuti 26 yake iti, osati kungolandira ndalama. Mabungwe monga Teveta ndi ena omwe amaphunzitsa achinyamata ntchito zamanja angachite bwino kuonetsetsa kuti aliyense wophunzira kukonza njinga akudziwa kuwerenga manambala awiri aja. Nawo a Malawi Bureau of Standards ayenera kukhala tcheru ndi matayala olowa m'dziko muno opanda manambala ooneka. Magulu a akabaza, omwe amakumana kale kukambirana za mitengo ndi masiteji, atha kugawana nzeru imeneyi m'mphindi zisanu.

Koma mwini njinga ndiye woyenera kusamala koposa, poti wogwa ndi iyeyo. Asanapite kusitolo apukute fumbi pambali pa tayala lakale, alembe manambala aja pa kapepala, ndipo akafika afunse mopanda manyazi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pa njinga, phula lake ndi la pamsewu.