Akugula chipepala cha pabotolo, osati vinyo

Mu Okutobala 2018, ku okushoni ya Sotheby's mumzinda wa New York, botolo limodzi la vinyo wa Romanée-Conti wa 1945 linapita pa madola 558,000. Mu 1945 munda wa mphesawo, womwe uli ku Burgundy m'dziko la France, unatulutsa mabotolo 600 okha. Amalonda a vinyo nkhaniyi siiwachoka pakamwa: gulani, sungani, mudzalemera.

Ameneŵa akunyengerera anthu, ndipo ayenera kuuzidwa poyera.

Zoti vinyo amasiyana chaka ndi chaka n'zoona. Mvula ikagwa pa nthawi yokolola, kapena chisanu chikapsereza mphukira, mphesa sizikoma. Vinyo wa ku Bordeaux wa 1982, amene katswiri wolawa wa ku America Robert Parker anamuyamikira kwambiri, akulemekezedwabe mpaka lero. Koma wogula kuti adzagulitse salawa, poti akangotsegula botolo ndalama zake zathera pomwepo. Chimene amakhulupirira ndi chipepala chomata pabotolo. Ku Bordeaux ena amalipira vinyo akadali m'migolo, kugula mbereko mwana asanabadwe.

Rudy Kurniawan, mnyamata wa ku Indonesia yemwe ankakhala ku California, anaiona mbuna imeneyi. M'chaka cha 2006 chokha anagulitsa vinyo wa madola pafupifupi 35 miliyoni pa maokushoni awiri, akuluakulu a ndalama akulimbirana. Mu 2008 anabweretsa mabotolo a Clos Saint-Denis a kampani ya banja la Ponsot, olembedwa zaka za pakati pa 1945 ndi 1971. Laurent Ponsot ananyamuka ku France kukaletsa malondawo ku New York, chifukwa banja lake linayamba kupanga vinyo ameneyo mu 1982. Apolisi a FBI atalowa m'nyumba ya Kurniawan mu 2012 anapeza mabotolo opanda kanthu, zotsekera ndi milu ya zipepala zomata. Iye ankangosakaniza vinyo wotsika mtengo n'kumuveka dzina lalikulu. Khoti linamugamula zaka khumi m'ndende mu 2014. Chochititsa manyazi n'chakuti akatswiri ankamwa nawo zosakanizazo, akugwedeza mitu kuti akumva kukoma kwa zaka zakale.

Ngakhale botolo likhale lenileni, phindu silikhala lotsimikizika. Anthu olemera a ku China atathamangira vinyo wa Château Lafite, mitengo inakwera koopsa mpaka 2011, kenako inagwa, ndipo ogula mochedwa anatsala manja ali m'khosi. Inakweranso mpaka 2022 n'kutsikanso. Pakati ponsepo botolo silibereka chiwongoladzanja ayi. Limangodya ndalama za malo ozizira osungiramo, za inshuwalansi, ndi gawo la a okushoni tsiku logulitsa.

Wolemera amene ali ndi ndalama zotaya achite zimene akufuna. Koma aliyense wouza wantchito kuti aike penshoni yake m'mabotolo amene sadzawaona n'komwe, ayambe wamuuza za Kurniawan ndi za kugwa kwa mitengo mu 2011. Akabisa zimenezi, ameneyo ndi wachinyengo.