Mkangano wa zombo zankhondo ku Asia ukhoza kufika pa Songani

Wogulitsa mpunga pamsika wa Songani akamva pawailesi kuti zombo zankhondo za China ndi America zikuzondana m'nyanja za ku Asia, angaganize kuti ndi nkhani ya eni ake. Koma chigwa cha Domasi chili ndi mbiri yake pa mkanganowu, ndipo ukadzafika poipa, thumba la banja lililonse lidzaumva.

Gwero la nkhaniyi ndi chilumba cha Taiwan. Boma la ku Beijing limati chilumbachi ndi gawo la China, pomwe Taiwan yakhala ikudzilamulira yokha kuyambira mu 1949, ndipo America imaigulitsa zida. Mu Ogasiti 2022, sipikala wa nyumba ya malamulo ya America panthawiyo, Nancy Pelosi, atapita ku Taiwan, China idazungulira chilumbacho ndi zombo ndi ndege zankhondo, n'kuponya mizinga m'nyanja. Kummwera kwake, China ikulimbirananso nyanja ndi dziko la Philippines, ngakhale khoti la ku The Hague lidagamula mokomera Philippines mu 2016. Mu Juni 2024 asilikali apamadzi a maiko awiriwa adalimbana mpaka msilikali wa Philippines adaduka chala.

Akuluakuluwa amati akungoyeserera pofuna kuonetsana mphamvu. Vuto n'lakuti anthu oopsezana ndi mikondo pabwalo limodzi sachedwa kulasana mwangozi.

Malawi si mlendo pa nkhaniyi. Kuyambira mu 1966 dziko lino lidali paubale ndi Taiwan. Akatswiri a ulimi a kumeneko adathandiza kukhazikitsa sikimu ya mpunga ya Domasi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo ndi Taiwan yomweyo idamanga chipatala chachikulu cha Mzuzu. Kumapeto kwa 2007, boma la Bingu wa Mutharika lidasankha China. Madokotala ndi alangizi a Taiwan adalongedza katundu n'kunyamuka, msewu wa Karonga-Chitipa womwe adauyamba n'kuima kaye mpaka China idadzaumaliza. China idamanganso nyumba ya malamulo ku Lilongwe ndi yunivesite ya MUST ku Thyolo.

Mbali zonse ziwiri zidasiya zooneka, palibe angatsutse. Koma phunziro lake n'lakuti ubwenzi wa maiko umatha ndi siginecha imodzi, ndipo mlimi wa ku Domasi kapena wodwala wa ku Mzuzu sadafunsidwe maganizo. Zomwe zidakhalitsa ndi ngalande zomwe alimi eni ake adapitiriza kulambula.

Lero njinga zamoto za akabaza, mafoni, masola ndi zipangizo zambiri za m'magolosale a pa Songani zimachokera ku China, ndipo zimabwera pa zombo zodutsa m'nyanja zomwe akukanganiranazo. Njirayo ikatsekeka, kapena eni zombo akakweza mitengo poopa nkhondo, katundu adzasowa ndipo wopezekayo adzakwera. Amalawi adaziona mu 2022: nkhondo ya Russia ndi Ukraine idachitikira kutali, koma mtengo wa feteleza, mafuta ophikira ndi buledi udawapeza pakhomo.

Ena anganene kuti dziko losauka ngati Malawi liyenera kungokakamira bwenzi lomwe likupereka zambiri. Ubale ndi China ngofunikadi, monganso ubale ndi America, yomwe kwa zaka zambiri idathandiza pa mankhwala a Edzi ndi malungo. Koma kulandira thandizo sikutanthauza kuombera m'manja wina akamanola mpeni. Mawu a Malawi ku United Nations ndi ku African Union akhale amodzi: mikangano ya malire apamadzi ithe pokambirana ndi potsata malamulo. Dziko lomwe lili ndi nkhani yake ya nyanja ndi Tanzania silingapindule ndi mchitidwe woti wamphamvu ndiye mwini madzi.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Boma liike ndalama m'masikimu ngati a Domasi ndi Likangala, likonze ngalande ndi misewu yotulutsira mpunga. Aphungu afunse ngongole iliyonse yakunja kuti idzabwezedwa bwanji, ndipo nawo mavenda ndi alimi awafunse aphunguwo akabwera kudzachititsa misonkhano. Malawi alibe zombo zoti n'kuletsa China ndi America kukangana, koma angathe kuonetsetsa kuti mkanganowo ukadzabuka, nkhokwe za m'chigwa cha Domasi zidzakhale zodzaza.